Kamunthu ka Fidelis Koima Pakhomo

Fidelis Mwanza ndi msuweni wanga, choncho ndili ndi ufulu womunena. Tonse tinabadwira ku Katete, koma iye khasu silinamukonde ndipo nayenso sanalikonde. Ali mnyamata anathawira ku Lusaka, komwe anakalamba akusanja makatoni pa kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa, cha m'ma 1994, antchito anauzidwa kuti azipita kwawo. Fidelis analibe kwawo, makolo anali atatisiya kale, ndiye anabwera kuno ku Kanakantapa kwa mkulu wake Ezron, mlimi wa chimanga ndi masamba a repu. Anafika ndi tivi yaing'ono yosaonetsa mitundu, batire ya galimoto, ndi kabokosi ka magemu kogula ku msika wa Kamwala ku Lusaka. Mkazi analibe, ngakhale imvi zinali zitayamba kumusuzumira m'ndevu.

Ezron anamupatsa kanyumba koyang'anizana ndi nyumba yake, pa bwalo limodzi. Kumsewu, pamene maminibasi amatembenukira, Fidelis anamanga chisakasa cha udzu n'kuikamo tivi ija. Ine ndinkagulitsa tomato pambali pake, kotero zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

Mwa makaseti ake a magemu munali imodzi imene anyamata ankailimbirana. Munali kamunthu kovala chipewa, kodumpha maenje, kopha njoka, kotola nkhuni m'njira. Ukasewera bwino, kankafika pa nyumba ina pamene pawindo pankaoneka mkazi. Kankatula nkhuni zija, n'kuima pakhomo. Chitseko sichinkatseguka. Kanyimbo kankalira kwa nthawi ndithu, kenako gemu n'kuyambiranso. M'munsi mwa tivimo munkadutsa zilembo zachilendo zonga mapazi a nkhuku, zomwe ngakhale aphunzitsi analephera kuwerenga.

Fidelis anati iye amaziwerenga, poti makatoni amene ankasanja aja ankachokera kunja. Bodza lenileni, koma ndani akanamutsutsa? Anafotokoza kuti mkazi wa pawindoyo ndi mkazi wa mkulu wake wa kamunthuko. Kamunthuko kamamukonda, koma kamadziwa malire ake. Sikalowa, sikamugwira, sikanena mawu oipa. Kamangofuna kumuona basi, ndipo chikondi chotere, malinga ndi Fidelis, n'choyera kuposa cha anthu ambiri okwatirana kutchalitchi.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma munthu akakhala ndi omvera, pakamwa pamayabwa. Mwezi uno ankati zilembozo zikunena kuti mkaziyo ali ndi mpata pakati pa mano. Mwezi wotsatira ankati amamanga duku mfundo yake ili kumanzere, ndipo akamaseka amabisa pakamwa ndi dzanja. Pa tivi paja mkaziyo anali timadontho chabe, mphuno analibe n'komwe. Koma Kanakantapa yense ankadziwa munthu wa mpata m'mano, womanga duku chakumanzere. Anali Selestina, mkazi wa Ezron.

Ine nkhope inkatentha ndikamamva zimenezi. Ndinkaweramira tomato wanga n'kumamusanja kawiri kawiri. Chimene ndinkaopa ndi chakuti nkhani ikafika kwa Ezron, msuweni wanga adzasowa pogona, chifukwa munda, bwalo ndi kanyumba kaja zonse zinali za mkulu wake. Fidelis yekha ndiye sankaona ngozi. Ankakhulupirira kuti mtima wake palibe akuudziwa.

Kunyumba nako zinali chimodzimodzi. M'mawa uliwonse ankakhala pa chitsa kutsogolo kwa kanyumba kake, mswachi m'kamwa, maso pa chitseko cha mlamu wake. Mano amenewo sankatha kutsukika. Ankawaza nkhuni osatumidwa n'kuzitula pakhomo, n'kuima pamenepo osanena kanthu. Madzulo akatseka chisakasa ankabwerera pa chitsa pomwepo. Ezron, munthu wotanganidwa ndi dimba, ankachita kunyadira kuti ali ndi mng'ono wolemekeza mlamu wake. Ine nditamuuza Fidelis kuti akwatire, anandiyankha kuti akazi a masiku ano alibe khalidwe, ndipo kuti ndisamalowerere za amuna.

Pa chisakasa mkangano unakula mpaka akuluakulu odikira minibasi ankalowererapo. Ena ankati kamunthuko n'kosalakwa, poti maso saba chinthu cha mwini. Ena ankati kuyang'ana ndiye poyambira zonse. Wovuta kwambiri anali Maybin, kondakitala wa minibasi, munthu wopanda mabuleki pakamwa. Iye ankati kamunthuko kakudwala, kakufunika kupemphereredwa. Ankanenanso kuti ku Lusaka anaona gemu yomweyi ndipo chitseko chimatseguka bwinobwino, kaseti ya Fidelis ndi yakufa chabe. Apa Fidelis ankapsa mtima. Ankati kaseti yake ndiye yeniyeni, za ku Lusakazo n'zachinyengo.

Tsiku lina masana, m'nyengo ya chimanga chachiwisi, kunagwa mvula yamphamvu. Tonse tinathamangira m'chisakasa. Ezron ndi Selestina, pochokera ku chigayo, analowanso ndi thumba lawo la ufa. Aka kanali koyamba kuti Selestina aponde m'menemo. Mnyamata wina anali atangofikitsa kamunthu kaja pakhomo, kanyimbo kakulira.

Maybin sanataye mwayi. Anafotokozera Selestina nkhani yonse monga Fidelis ankaikambira, osasiya mpata wa mano, osasiya duku. Ndinamuponda phazi koma sanamve. Pomaliza anati, "Imwe amayi, tiweruzeniko. Aka kamunthu kali bwino olo kadwala?"

Fidelis anaseka kuseka kokakamiza, n'kunena kuti ndi masewera chabe a ana. Selestina sanamuyang'ane. Anayang'ana tivi kwa nthawi yaitali, madzi akudontha pa duku lake. Kenako anatembenuka, n'kulankhula motsitsa mawu, mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Ba mulamu, nifunseko. Imwe muwerenga ivi vilembo. Vikamba chani pa uja mukazi ali mukati? Akafuna kuyenda kukasamba, apita pati? Akafuna kukhala panja kuothera dzuwa, achita bwanji, na munthu aimilira pakhomo tsiku lililonse?"

Fidelis anatembenukira ku tivi, pamene zilembo zija zinkadutsa.

"Ine niona monga alema," anatero Selestina. "Sangakambe, chifukwa palibe chamene bamuchita. Azakamba kuti chani? Kuti banibweretsera nkhuni?"

Palibe anaseka, ngakhale Maybin. Kamunthu kaja kanali chiimire pakhomo, kanyimbo kakubwerezabwereza, mpaka wina anachotsa waya ku batire. Ezron anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mng'ono wake, ndipo ndinaona pankhope pake kuti zaka zonse zija zamufikira nthawi imodzi. Anasenza thumba la ufa n'kutuluka mvula isanakate, Selestina pambuyo pake.

Manyazi amene ndinaona pa Fidelis tsiku limenelo sindinawaonenso pa munthu wamkulu. Anakhala pa benchi manja ali pakati pa mawondo. Anthu atabalalika anandifunsa, maso ali pansi, ngati anthu ankadziwa. Ndinamuuza zoona, kuti onse. Anangoti iye Selestina sanamugwirepo ngakhale chala. Ndinati ndikudziwa, ndipo naye Selestina wanena zomwezo.

Ezron sanamuthamangitse. Sipanakhale mlandu, chifukwa panalibe choti n'kuweruza. Fidelis yekha anamanga katundu wake sabata lomwelo n'kukwera minibasi ya Maybin, tivi ili pamiyendo. Anakakhala ku Chongwe kuboma, komwe ankatchaja mabatire a anthu kuseri kwa sitolo ina. Kwa mkulu wake ankabwera pa maliro pokha, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Tsiku lotsatira Fidelis atachoka ndinapita kwa Ezron kukabwereka sefa. Ndili patali ndinamva mawu a mkazi akuimba nyimbo ya kwaya, mokweza, mosaopa. Ndinayesa kuti kwabwera mlendo. Anali Selestina, atakhala pa mphasa pakati pa bwalo, miyendo atatambasula, tsitsi lili pamtunda, akusenda nyemba. Zaka zonsezo ndinali ndisanadziwe kuti mkazi ameneyu amaimba.