Laputopu yatsopano ya adadi sikutentha

Mwaswera bwanji nonse?

Laputopu imene achimwene a Mavuto anatumizira adadi kuchokera ku Joni yafika lero. Nditaiyatsa, adadi anaigwiragwira kunsi n'kunena kuti, "Iyi ndi yakufa. Bwanji ikuzizira chonchi?"

Kani yakale ija, yomanga ndi mphira ija, amaikondera kutentha! Ndi chisanu cha kuno ku Dedza, m'mawa uliwonse amaiika pamiyendo n'kumaothera ngati mbaula, ife n'kumati akulemba za kutchalitchi.

Panopa yakale yabwerera pamiyendo, yatsopano aikapo kapu ya tiyi. Amayi akuti tiwagulire bulangete, iwo akuti bulangete siliimba nyimbo za kwaya.

Ndiye abale titani? Achimwene, ndaona kuti mwawerenga, musakhale chete. Tiibweze, kapena mutumiza ina yotentha?