Transifa ya mwana wanga

Ndinafika pa koleji ya ku Limbe ija nditasenza matilesi. Ndinali nditawakulunga bwinobwino ndi chingwe, ndowa ili kumanja, m'thumba la jekete muli kalata imene ndinailemba ndekha m'Chingerezi kwa masiku atatu. Mlonda wa pageti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundiuza kuti amalonda saloledwa kulowa. Ndinamufotokozera kuti sindikugulitsa kanthu, ndabwera kudzasamutsa mwana. Anandilola, koma anandiperekeza mpaka pakhomo pa ofesi, kuopa kuti mwina ndingasinthe maganizo m'njira n'kuyamba kutsatsa.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Zina zonse ndinaphunzira ndekha, kuwerenga chilichonse chimene chagwa pansi: nyuzipepala zokulungira zitumbuwa, mabuku amene mamanejala ankataya posamuka, ngakhale malangizo a pathumba la feteleza. Pamalaini pathu, m'nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, munthu akalandira kalata yovuta amabwera nayo kwa ine. Ndiye pamene mwana wanga woyamba, wamkazi, ananena kuti akufuna kusintha koleji, sindinaone chifukwa chofunsira munthu. Ndikanafunsa ndani, poti wofunsidwa ndine?

Komanso transifa pa esiteti timaidziwa. Ine ndasamutsidwapo katatu, kuchoka divishoni ina kupita ina, ndisanakhazikike ku nazale kumene ndimalera mbande za tiyi. Akapitawo amasainira kapepala. Nambala yako ya ntchito imakhala yomweyo, zaka zimene wagwira zimakutsatira, ndipo Loweruka thirakitala imabwera kudzanyamula katundu. Lolemba umadzukira kumunda wina, tiyi wake yemweyo. Chachikulu n'kufika msanga kuti upeze nyumba yosadontha. N'chifukwa chake ndinatsogoza matilesi, kuti ndikamugwirire mwana bedi la pawindo ku hositelo anzake asanalitenge.

Mwanayo anali atatha chaka chimodzi pa kakoleji ka zaulimi ka kuno konkuno, njira ya ku Khonjeni. Ankapita pa kabaza n'kumagona pakhomo, ndipo mayeso anakhoza bwino. Vuto linabwera pamene anawatumiza m'minda kukaphunzira ntchito. Iye anamugwetsera pa esiteti yathu yomwe, m'munda womwe amathyola mayi ake. Milungu isanu ndi umodzi anayenda m'mizere atavala gambutsi, kabuku kali m'manja, kusuzumira tizilombo kunsi kwa masamba, mayi ake ali uko ndi dengu kumsana akumukuwira kuti akuyenda ngati mkwatibwi. Atamaliza anatiuza kuti iye akufuna zamagetsi. Anati wakula akuona tiyi pawindo, tiyi popita kusukulu, tiyi popita kutchalitchi, ndipo sakufuna pepala lomubwezera m'tiyi momwemo. Sizinali zongolota ayi. Sola yathu anailumikiza ndi iyeyo, ndipo mawailesi a theka la malaini anadutsapo m'manja mwake.

Mu ofesi muja munali mayi wina wa magalasi. Anawerenga kalata yanga kawiri, n'kufunsa amene anailemba. Ndinati ndine, ndipo ndinakhala bwino pampando. Anayamikira Chingerezi chake. Kenako anandiuza kuti kumeneko kulibe transifa. Mwana alembe fomu ngati wina aliyense, ndipo akatengedwa adzayambira chaka choyamba. Ndinafunsa za chaka chimene watha kale chija.

“Chimenecho n'chake, bambo, asunge,” anatero. “Koma kuno sitichiwerengera.”

Ndinawafotokozera mayiwo mmene zimayendera pa esiteti, kuyambira kwa akapitawo mpaka pa thirakitala. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndi dongosolo labwino. Anandipatsa fomu, n'kundiuza kuti atseka pakatha milungu iwiri.

Pobwerera matilesi anakhala pampando wawowawo m'minibasi, ine pambali. Kondakitala anafunsa ngati mwana amuchotsa sukulu. Ndinafika pamalaini dzuwa likadali pamwamba, anthu onse amene anandiona ndikupita ali pakhonde. Ndinawauza kuti ndimakayeza ngati akukwana pabedi.

Tsopano nkhani inali pambalambanda. Mwanayo akakhala kumene ali, kwatsala chaka chimodzi, atenga pepala, mwina n'kupeza ntchito yoyang'anira minda, ya nyumba ya magetsi. Akasamuka, chaka chathunthu chapita, ayambiranso pansi, ndipo azing'ono ake awiri ali pambuyo akudikira nthawi yawo. Mayi ake sanazungulire. Anatambasula manja onse awiri patsogolo pake, zala zakuda ndi utomoni wa masamba, n'kunena kuti chaka chimenecho anachithyola iwo, tsamba ndi tsamba, mvula ikuwathera pamsana. Zotsalazo anamalizira m'Chilomwe, monga amachitira nkhani ikafika pamtima. Mwanayo anatenga fomu n'kuiika pansi pa nsalu ya patebulo, ndipo inakhala pamenepo masiku khumi, tonse tikudyera pamwamba pake.

Ine ndinathandiza mmene ndikanathera. Lolemba ndinamuuza mwanayo kuti mbande imene yagwira kale saizula, imafota. Anagwedeza mutu. Lachitatu ndinamuuza kuti mbande ikakhalitsa m'chubu mizu imapindika, ndipo ngakhale uiwokere pabwino siikula. Anagwedezanso mutu. Zonse ziwiri n'zoona, ndaziona ndi maso anga ku nazale. Mayi ake anandipempha kuti ndisankhepo mbande imodzi, ina ndisiyire anthu ena. Ndinapita kukafufuza m'katoni ya mabuku anga. Ndinapezamo za nkhondo za kunja, za kaweteredwe ka njuchi ndi theka la buku la malamulo a pamsewu. Za mwana wofuna kusintha koleji munalibe.

Kutatsala masiku anayi kuti atseke, mwanayo ananditsatira ku nazale nthawi ya nkhomaliro. Anandipeza ndikuthirira. Anaima pamthunzi, n'kuyamba kuzula tiudzu m'machubu ngati wabwerera zomwezo.

“Ababa, inuyo mukuti chiyani?” anandifunsa. “Osati mabuku. Inuyo.”

Ndinapitiriza kuthirira mzere umene ndinali nditathirira kale. Funso limenelo palibe amene anandifunsapo. Anthu amabwera kwa ine kuti ndiwauze zimene pepala likunena, ndipo pamenepo ndimayankha msanga. Ndinakumbuka kuti posiya sukulu ndinauza aliyense kuti ndikungopuma, ndibwereranso chaka chamawa. Ndinalowa m'tiyi kuti ndigwire nyengo imodzi ya mvula, ndigule yunifolomu. Imvi zinandipeza momwemo.

“Ine zaka ndataya zambiri, ndipo sindikudziwa pamene zinagwera,” ndinatero. “Iwe chakochi uzidziwa pamene wachisiya.”

Anandifunsa ngati kumeneko n'kuvomera. Ndinati ndikuganiza choncho, koma asawauze mayi ake kuti zachokera kwa ine. Anati mayi ake adziwa okha, chifukwa pakhomo pathu wolankhula zosamveka ndi mmodzi.

Fomu anailemba tsiku lomwelo, masana, patebulo, mayi ake akusankha nyemba pakhomo osayang'ana. Ine ndinadzipereka kuti ndimukonzere Chingerezi, anandithokoza n'kupitiriza yekha. Atafika pakabokosi komata chithunzi anaima. Mayi ake, maso ali m'lichero, anafunsa ngati akufuna kukajambulitsa ndi mutu umenewo. Anamukhazika pansi pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumuluka, akukoka tsitsi mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira. Mawu oti inde sanawatchule, ndipo mpaka lero sanawatchulebe.

A koleji ya ku Limbe anamutenga. Anapita kukayambira chaka choyamba pamodzi ndi ana ongochoka kumene ku Folomu 4, pamene anzake a zaulimi aja ankalowa chaka chomaliza, akukamba kale za zovala za tsiku lolandira mapepala. Mayi ake anakhala mwezi wathunthu akudzera njira yaitali popita kumunda, kuzemba amayi a anzakewo.

Patapita masiku angapo mwanayo atachoka, ndinapeza bambo wa khomo loyandikana nafe atakhala pakhonde pake, akunola mpeni wodulira tiyi. Ndi munthu wa ana asanu, ndipo onse asanu Sitandade 8 anaikhala kawiri, wina katatu.

“Aneba, ndamva kuti mwana wabwereza,” anatero.

Ndinayamba kufotokoza kuti si kubwereza kwenikweni, ndi dongosolo la makoleji, kuti maphunziro ake ndi osiyana. Anandidikira mpaka nditatopa.

“Koma anakhoza?”

Ndinati anakhoza, bwino kwambiri.

Anayesa mpeni uja pachala, n'kuubwezera pamwala.

“Athufe amayamba alephera kaye,” anatero. “Wanuyu wabwereza mochita kufuna. Ana a anthu owerenga ndi choncho.”