Nyundo wasankha mwezi wa njala

Lachiwiri ndinali pachigayo cha mpunga kwathu kuno ku Domasi pamene Che Amidu anatulukira akukankha njinga, nkhope ili yakugwa. Okonda nkhonya mukuwadziwa. Kwa enanu, Che Amidu ndi mlimi wa mpunga wa ku Malemia, mkamwini, bambo wa ana atatu. M'mawa uliwonse amamenya thumba la mchenga lomwe anapachika mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anzawo onse olemera mofanana nawo m'dera lino anawagwetsa. Watsala mmodzi, mwini lamba wa ukatswiri, uja amadzitcha Nyundo.

"Za Nyundo zili pati?" ndinawafunsa.

"Wavomera, achimwene."

"Nanga nkhope yagweranji?"

"Akuti timenyane mu Febuluwale."

Amayi ena amene ankapeta mpunga pafupi nafe anaika lichero pansi n'kuwomba m'manja kamodzi. "Ameneyo ndi mfiti," anatero. Iwo anamva msanga kuposa ine.

Febuluwale! Kodi mlimi wa kuno amaoneka bwanji mu Febuluwale? Amakhala atawerama m'matope kuyambira Disembala, kuwokera mpunga, kupalira chimanga, kubandira. Chakudya m'nyumba chimakhala chitatha, banja likudya kamodzi patsiku. Malungo nawo ndiye nyengo yake. Pamene Che Amidu azidzaboola bowo lina palamba wa buluku, Nyundo adzakhala ali m'tauni, akudya mazira ndi kuthamanga pamsewu wa tala.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe.

Chaka chonse munthuyu wakhala akuzemba. Poyamba anati Che Amidu alibe dzina. Atagwetsa ena awiri dzina n'kumveka, Nyundo anati dzanja latupa. Dzanja lotupalo mwezi womwewo linamenya mkulu wina wa imvi zake, amene anasiya nkhonya kalekale ndipo anagwa anthu asanakhazikike pamipando. Anthu atayamba kuimba mafoni pawailesi kumutchula wamantha, ndiye wavomera. Walephera kusankha mdani, wasankha mwezi.

Musaganize kuti ndi matenda a kwathu kuno kokha. Akatswiri akunja amene timawaonera pakanema nawo ndi omwewo. Amasankha womenyana naye ngati mmene timasankhira mapeyala pamsika, kudina lililonse kufuna lofewa. Amene ali woopsa amamuuza kuti adikire, akambirane kaye, ndipo kukambiranako kumatha mnzawoyo atakalamba.

Mnzanga wina, mphunzitsi, akuti ndikukokomeza. Akuti nkhonya ndi bizinesi, mutu ndi umodzi, ndipo munthu wanzeru sauika pamoto dala. Ndikumva. Inenso sindingafune mwana wanga abwere kunyumba atasokonekera ubongo. Koma ngati ukuopa, vula lambayo upatse ena. Palibe anakukakamiza kudzitcha katswiri. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo sananene kuti umayamba wafunsa ngati mwini nkhonyayo wadya kapena ayi.

Ifenso oonera tili ndi mlandu. Timalulutira munthu chifukwa sanagonjepo, osafunsa kuti anamenyana ndi yani. Wolimba mtima amene anakumana ndi zigonamunda zenizeni n'kugwa kawiri timamuseka kuti watha. Ndiye tikudabwa chiyani akatswiri athu akamayenda ndi kalendala m'malo mwa magolovesi? Tinawaphunzitsa ndife.

Mwina mukuti Che Amidu angokana, adikire Juni atakolola. Inenso ndinawauza zomwezo, titakhala pamatumba a mpunga.

Anapukusa mutu. "Juni kulibe, achimwene. Amalume awo a mayi a kunyumba anandiitana. Akuti mkamwini anabwera kudzalima, osati kudzamenya mchenga. Andipatsa mpaka kukolola. Mpunga ukalowa m'nyumba, magolovesi ndipachike, apo ayi ndinyamule chikwama changa."

"A Nyundo akudziwa zimenezi?"

"Amene amamuyendetsera zinthu anakwatira konkuno. Akudziwa zonse."

Apa ndiye pamene pandiwawa kwambiri. Munthu wavala lamba wa ukatswiri, koma wakhala pansi n'kuwerengera njala ya mnzake, apongozi a mnzake, matope a m'munda mwa mnzake. Zimenezi tizitcha masewera?

Mpunga wanga utatuluka m'chigayo, Che Amidu anandithandiza kukweza thumba panjinga. Analinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinayang'ana mkono umenewo ndikudziwa kuti pofika Febuluwale sudzakhala chonchi.

"Ndiye mutani?" ndinafunsa.

"Ndavomera kale. Ndikamenyana naye."

Inu a Nyundo, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani ndemangayi. Mwina mudzapambana, ndipo anyamata anu adzakunyamulani m'mwamba. Koma mukadzafika kunyumba, ana anu n'kufunsa kuti ababa, munthu uja anagwa ndi chiyani, mudzawauza kuti inali nkhonya yanu?