Chipani Chinakula Ine Kulibe

Ndinaganiza zochoka m'dziko muno sabata imene chipani chathu chinagonja kachiwiri pachisankho. Ndinali namwino ku Zomba, ndi ana awiri, bambo awo atamwalira. Kuntchito aliyense ankadziwa mbali yanga, ndipo akamakweza anthu, dzina langa ankalilumpha. Mnzanga Esinati, mphunzitsi, ndiye anandiperekeza kudepoti.

"Pita, Joyce," anatero. "Chipani ndikusungira."

Chipanicho tinachiyamba tili ochepa, nthawi imene anthu ankanong'onezana za zipani zambiri. Tinkakumana m'galaja ya makaniko wina, titakhala pamatayala. Esinati ankalemba timakalata pamanja, ine n'kumatibisa pansi pa mabandeji m'chikwama changa. Tinalibe ofesi, tinalibe nsalu, koma tinkadziwana mayina tonse.

Ku London ndinapeza kachipinda m'dera la Barking ndi ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ndinkasambitsa makolo a eni, amayi anga akulera ana anga ku Zomba. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ana anaphunzira, nyumba inafoleredwa malata. Koma panali masabata amene Chichewa ndinkangochilankhula ndi ketulo. Lamlungu lokha, ndikatsika sitima pochokera kuntchito, ndinkaimbira Esinati.

Mbiri yonse ya chipani ndinaimva pafoni imeneyo. Aphungu athu oyamba kulowa m'nyumba ya malamulo. Ofesi yaikulu ku Lilongwe. Imfa ya mtsogoleri wathu, kenako kugawikana pakati, abale akutukwanizana pawailesi. Patapita zaka, mgwirizano ndi amene kale anali adani, mpaka kulowa m'boma. Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo yathu yakale ndikuyala mabedi, gogo wina wachizungu n'kumandiombera m'manja osadziwa kanthu.

Ndinabwerera nditapuma pantchito, imvi zili mbuu. Nditamva kuti kubwalo la mpira kuli msonkhano wa chipani, ndinakakamiza Esinati kuti tipite. Anazengereza, koma anavala nsapato.

Magalimoto anali ndandanda. Nyimbo zonse zinali zachilendo kwa ine. Pansanja panakhala bambo wina amene kale ankatiopseza kuti tidzafera kundende, atavala makaka athu, akumwetulira. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope ya m'galaja muja, osaipeza. Nditacheuka ndinaona kuti Esinati watsalira kunja kwa mpanda. Ndinamutsatira.

"Sulowa?"

"Ine ndinatuluka kalekale, Joyce. Chaka chimene anagawikana chija."

"Nanga zonse unkandiuza zija?"

"Ndinkamva pawailesi ngati wina aliyense. Ndinkalemba pakapepala kuti Lamlungu ndisaiwale."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anakonza mpango wake kaye.

"Unkamveka ngati munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi. Ndikanakulanda bwanji?"

Tinauyamba wa kunyumba msonkhano usanathe. Ankayenda motsimphina, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti bondo lakhala likumuvuta zaka zambiri. M'njiramo anandiuzanso kuti amuna ake anamusiya n'kukakwatira ku Mangochi, ndi kuti amayi anga atagona m'chipatala komaliza, iye ndiye ankawatembenuza ndi kuwamwetsa phala, ana anga ali kusukulu.

Ndinaima pakati pa msewu, njinga zikundilambalala. Zaka zonsezo, Lamlungu lililonse, ndinkayamba ndi funso limodzi: chipani chili bwanji? Iye ankayankha mokhulupirika. Za iyeyo sindinafunsepo.