Wachisanu pa Chithunzi cha ku Chanyanya

Basi ya ku Lusaka inanyamuka pa Chipata itangokwana faifi koloko m'mawa, K400 yanga itapita kale, ine nditakhala pawindo ndi chithunzi cha agogo m'thumba la jekete. Mkazi wanga anali atachikulunga m'pulasitiki ngati nyama ya pabutchala. Sindinkapita ku Kafue kukaona malo. Ndinkapita chifukwa ukwati wa mwana wanga Tadala unali utaima.

Tadala anapeza mnyamata kumsonkhano wa tchalitchi chawo cha Pentekosite, dzina lake Yosefe, wogwira ntchito kufakitale ya feteleza ku Kafue. Mwana waulemu, wopempherera ngakhale madzi akumwa. Vuto linali limodzi lokha: nayenso ndi Mpondamsika, ngati ife. Akanakhala Phiri kapena Banda bwenzi palibe wotembenuka, koma dzina lathuli tinali tisanalimvepo pakhomo lina. Alongo anga aakulu, a Esinati, atangomva analamula kuti ankhoswe aime kaye. Anati agogo athu a Zuze anali ndi sitolo ku Kafue komweko, ndipo mwamuna wa ndalama sakhala ndi nyumba imodzi, choncho anawa ndi magazi amodzi. Tadala analeka kudya bwino, ndipo ndikamuimbira foni ankangoti, "Ndili bwino, adadi."

Ndivomere pano kuti dzinali ndalinyadira mopitirira muyeso. Zaka zonse ndakhala mphunzitsi, palibe kalasi imene sinamve kuti agogo anga anali wamalonda wamkulu, woponda misika yonse kuyambira kumtsinje mpaka ku Lusaka, ndipo ndi mmene dzinalo linabadwira. Umboni unali chithunzicho. Bambo wa chipewa ndi jekete wakhala pampando kutsogolo kwa sitolo, kumbuyo kwake amuna asanu aima ndi njinga zosenza madengu. Wa pampandoyo ndiye tinkati agogo. Bambo anga sanawadziwe, poti agogowo anamwalira bambo akadali kumsana, ndipo agogo aakazi, amene anabwera nacho chithunzicho kumudzi, sanakhalitsenso. Sindikumbukira kuti alipo anatilozera ndi chala, koma tonse tinkangodziwa.

Tinadutsa Katete kukuyera, Petauke dzuwa litakwera. Pa Nyimba ndinagula nthochi za K10 kudzera pawindo n'kugawirako mayi amene ndinakhala naye, wopita ndi matumba a mtedza kumsika. Tisanafike kumapiri anali atamva mbiri yonse ya banja lathu, asanaifunse. Pa mlatho wa Luangwa, basi itaima kuti tiwongole miyendo, ndinalimbana ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma mpaka anatsitsa kuchoka pa K60 kufika pa K45. Pobwerera pampando ndinauza mayi uja kuti malonda ali m'magazi mwathu. Iye anayang'ana nsombazo, n'kuyang'ana nsapato zanga.

"Nanga chuma cha agogocho chinatsikira siteji iti, bambo?" anafunsa.

Ndinaseka nawo, n'kukankhira nsapato zanga pansi pa mpando.

Ku Lusaka tinafika cha m'ma thu koloko. Kondakitala wa minibasi ya ku Kafue analumbira kuti mpando ulipo, ndipo nditalipira K50 ndinapeza kuti mpandowo ndi kathabwa koika pakati pa mipando iwiri. Tinadutsa Chilanga ndi fumbi lake, kenaka mapiri ang'onoang'ono, ndipo dzuwa litapendeka ndinaona machumuni a mafakitale ndi njanji imene inakokera anthu ambiri akwathu kuno. Mumsewu anthu ankayankhula Chinyanja chodula michira, chothira Chingerezi ndi Chibemba mosaumira. Ndinkamva zonse, koma pakamwa panga pankandiulula kuti ndine wa kum'mawa.

Ku Nangongwe, komboni ya ku Kafue, ndinapeza mayi ake a Yosefe pakantemba kawo, akugulitsa tomato ndi makala. Tinavutika kupatsana moni, chifukwa sitinkadziwa ngati ndife asewere kapena alamu. Anandipatsa kampando n'kunditcha "ba tate ba Tadala", ine n'kupuma. Amuna awo anamwalira kale, ndipo chimene ankadziwa n'choti apongozi awo anali mwana wa mwini sitolo ina ku Chanyanya, mudzi wa asodzi kumtsinje. Chithunzi changa sanachizindikire. Anati ndikafunse kumeneko, kuli mkulu wina wosoka maukonde amene anabadwira pomwepo. Pondiperekeza anandiuza motsitsa mawu kuti Yosefe ali pa tsiku lachisanu la kusala kudya chifukwa cha nkhaniyi. Ndinagona panyumba ya alendo ya K150, pomwe udzudzu unandilandira ngati mbale wotayika.

M'mawa ndinakwera kagalimoto kakale pa K40, anthu asanu ndi awiri m'malo a anayi. Msewu wake ndi wafumbi, wokumbika mwina ndi mwina. Njira yonse tinkakumana ndi njinga zochokera kumtsinje, madengu a nsomba atamangidwa ndi mphira kumbuyo, eni ake atawerama, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Dalaivala ankawaimbira huta kuti apatuke, iwo n'kulowa m'tchire, ife n'kuwasiyira fumbi. Ine ndinangotseka windo kuti jekete lisade.

Chanyanya umayamba kumumva ndi mphuno usanamuone: utsi wowambira nsomba, matope, mafuta a injini. Mabwato anali atandanda m'mbali mwa madzi, azimayi akukangana mitengo ndi asodzi. Ndinaima pa mayi wina wotumbula milamba n'kufunsa kwa a Mpondamsika.

"Uti?" anafunsa osadzutsa mutu. "Wa Chitonga, wa Chilozi, olo uja Mubemba wokonza ma injini?"

Ndinayesa sanandimve, ndipo ndinabwereza dzinalo pang'onopang'ono ngati ndili m'kalasi. Iye anati wamva, a Mpondamsika kuno ndi ambiri, ndinene amene ndikufuna. Nditatchula maukonde analoza ndi mpeni nyumba ya malata akale pansi pa mtengo wa mango.

Mkuluyo ndinamupeza atatambasula miyendo, ukonde atauzenga kuchala chachikulu cha phazi. Anali wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, Mtonga weniweni, ndipo atamva dzina langa anaseka mpaka kutsokomola. Nditavundukula chithunzi sanachigwire n'komwe. Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chinzake, chofanana ndendende, chongoda ndi utsi. Anati mwini sitolo anajambulitsa tsiku limodzi n'kugawira aliyense wa anthu ake.

"Uyu wa pa mupando ni ba Aliki, bene ba shopu," anatero. "Mwana wao anali umozi chabe. Ise benangu tonse ndise bana ba pepa."

Ana a pepala. Anandifotokozera mosafulumira, singano ikuyenda. Masiku a atsamunda, iye anati, wopita ndi nsomba ku tauni ankafunsidwa laisensi panjira, ndipo laisensi pano inali imodzi, ya a Aliki Mpondamsika. Tsono iwo ankalembera wonyamula katundu aliyense kalata yonena kuti uyu ndi mwana wanga, akugulitsa m'dzina langa. Mtonga, Mlozi, Mbemba, onse ana a bambo mmodzi, ndipo wofunsayo ankangowerenga kalata n'kukweza dzanja. Dzinalo linalowa pa chitupa, kuchoka pa chitupa linapita kusukulu ndi ana, ndipo lero lili pa mareji, ziphaso za boma, za adzukulu. Mwana weniweni mmodzi uja ndiye anasamukira ku tauni, kukabereka bambo ake a Yosefe.

Anaika chala pa munthu wachiwiri n'kunena kuti awa ndi atate ake. Anatchula wachitatu ndi wachinayi. Ndinafunsa ngati anamvapo za a Zuze. Chala chinapita kumapeto kwenikweni, pa munthu wowonda, wopanda nsapato, buluku atalimanga ndi luzi kumwendo kuti lisakodwe m'tcheni, theka la njinga yake litadulidwa ndi wojambula.

"Aba. Ba Zuze Mwale, ba kum'mawa. Bakazi bao banabwelela kwanu na mwana ku musana." Anandiyang'ana bwinobwino n'kuwonjeza, "Simuona matu? Ni yanu aya."

Makutuwo analidi anga, otambasuka ngati zogwirira za poto, omwe ana a sukulu akhala akundijambula nawo pabolodi. Chithunzi chimenechi chakhala pakhoma langa zaka makumi awiri, ndipo munthu wa kumapetoyo ndinali ndisanamuyang'anepo kumaso.

Mkuluyo anati a Zuze ankanyamuka tambala woyamba ndi madengu awiri, kupalasa mpaka ku Lusaka, kugulitsa, n'kubwerera mawa lake ndi mchere ndi nsalu za m'sitolo. Nsomba zawo sizinkafika zoola. Chifuwa chinawagwira dzinja lina atanyowa panjira, ndipo anaikidwa kumanda akale kudambo, komwe madzi anafafaniza mitumbira kalekale. Ndinapempha kuti andilozereko, ndipo analoza udzu wokhawokha.

Ndinachita manyazi, sindibisa. Kenaka ndinachita manyazi ena aakulu chifukwa cha manyazi oyambawo. Pakanyumba kodyera ndinaitanitsa nsima ndi mlamba wa K35, koma sindikumbukira kukoma kwake. Maganizo oipa anandifikira ndithu: ku Chipata palibe akudziwa, ndikhoza kukanena kuti mkuluyo wasokonezeka mutu, ine n'kukhalabe mdzukulu wa mwini sitolo. Mtengo wake unali umodzi, Tadala. Ndinasamba m'manja, ndinapita m'mbali mwa madzi pomwe foni inkagwira, n'kumuimbira.

"Mwana wanga, uwauze ankhoswe apitirize. Yosefe si mbale wako."

Analira nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana bwato lina likukocheza. Atatonthola anafunsa, "Nanga ife ndife ndani, adadi?"

"Ndife a Mwale," ndinatero. "Adzukulu a munthu wa njinga."

Pobwerera ndinapempha dalaivala kuti azichepetsa liwiro tikamadutsa anthu a madengu. Anandiyang'ana ngati ndadwala, koma kawiri konse anachepetsadi. Ku Nangongwe mayi ake a Yosefe anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja pachitenje, n'kundipatsa moni watsopano, wa asewere: "Mwayenda bwanji, ba sebele?" Anandilongezera tomato m'jumbo n'kukana ndalama, ndipo anatuma uthenga kufakitale kuti mwana wawo akaweruka adye.

Amene ndinkawaopa anali a Esinati. Nditafika ku Chipata tsiku lotsatira ndinapita kwawo ndisanavule jekete. Ndinafotokoza zonse, za laisensi, za kalata, za manda a kudambo. Sanandidule mawu, zomwe sizichitikachitika. Anavala magalasi, anatengera chithunzi pakhomo pomwe pali kuwala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona chala chawo chikuchoka pa chipewa chija, kudutsa njinga imodzi imodzi, mpaka kumapeto.

"Makutu ndi athu," anatero. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Ndiye anafa ndi chifuwa, ife tikutamanda bwana wawo?"

Wotamanda kwambiri ndinali ine. Ndinapita ku Kafue kukafuna wamalonda, ndipo ndinamupezadi, kungoti malonda ake ankawasenza yekha pa njinga, m'dzina la munthu wina. Dzinalo sitisintha, lili pa masatifiketi a ana ndi pa manda a bambo, ndipo Tadala akukalowa m'nyumba ya eni ake enieni. Chithunzi ndinachibwezera pakhoma pomwe chinali. Alendo akafunsa kuti agogo ndi ati, ndimadzuka pampando n'kukawalozera wachisanu, wopanda nsapato uja, n'kuwauza kuti nsomba zake sizinkafika zoola.