Rimoti Yabodza ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, amaika makina opopa kutentha m'nyumba za anthu. Mukawafunsa kuti makinawo ndi otani, yambani mwapeza pokhala, chifukwa sadziwa kuyankha mwachidule. Amayambira pa firiji. Amati firiji imatola kutentha kwa m'kati mwake n'kukutaya kumbuyo, n'chifukwa chake mphaka amakonda kugona kuseri kwake. Tsono makina awowa ndi firiji yotembenuza: chibokosi china chimakhala panja, china pakhoma m'nyumba, ndipo pakati pake pamadutsa timapaipi tamkuwa. Kukazizira, chapanjacho chimatola kutentha kochepa kumene kuli mumphepo n'kukulowetsa m'nyumba. Kukatentha, makinawo amatembenuka n'kumakutulutsa. Akafika pamenepa amadziombera okha m'manja, ngati anawatulukira ndi iwowo.

Aliyense amawatchula kuti a Musagwire, ngakhale ana awo omwe akakhala kumbali. Dzinali linachokera pa ntchito. Akamaliza kuika makina, n'kupukuta m'manja, n'kupinda makwerero, amatembenukira eni nyumba n'kutukula chala. "Ndatchera kale. Musagwire."

Ntchitoyi anaiyambira pa mafiriji, ndipo banja analipezeranso pa firiji. Achemwali anga ankagulitsa zoziziritsa kukhosi m'kasitolo ka amayi athu, firiji n'kufa. Kunabwera mnyamata wamtali, wolankhula ngati wailesi, n'kuikonza. Sabata isanathe, inafanso. Anabweranso. Kenako kunali kachitseko, kenako kanyale kam'kati, kenako phokoso limene ankalimva iye yekha. Amayi anamuyang'ana tsiku lina ali chigonere pansi, mutu uli kuseri kwa firiji, maso ali kwa achemwali, n'kunena kuti, "Firiji imeneyi idzachira tsiku limene mwana wanga adzavomere." Sananame. Chichitireni ukwati sinadwalepo, mpaka lero ikulira bwinobwino. Koma kuchokera pamenepo, alamu akanena chilichonse chokhudza makina, amayi ankachigawa pakati n'kutaya theka.

Atachoka pa mafiriji anakhala zaka akuika zoziziritsira m'maofesi, kenako n'kuphunzira za makina opopa kutenthawa. Pa ntchito sindingawanyoze. Bowo la pakhoma amabowola lopendekera panja kuti madzi asabwerere m'nyumba, chibokosi amachiyeza ndi levulo kuti chisapendekeke mpaka mwini nyumba kutopa, ndipo fumbi amasesa okha. Chimene chimawadwalitsa mutu si makina ayi, ndi anthu. Amati makinawa amafuna kuwatchera kamodzi n'kuwasiya aziyenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Koma m'nyumba mukakhala rimoti, bambo amakweza, mayi amatsitsa, mwana amazimitsa, mlendo n'kutsekula zenera. Mawa lake foni: "A Musagwire, makina anu aja ndi achabechabe."

Ndiye anapeza mankhwala ake. Amatola marimoti akale, n'kuchotsa kadiso kakutsogolo kamene kamatumiza uthenga ku makina, n'kuikamo kabelu. Ukadina batani kamalira kuti tii, manambala amasintha, mtima n'kukhala pansi, koma makinawo samva kanthu. Akamaliza ntchito sakana tiyi. Amakhala pabalaza n'kumaonetsetsa kuti m'nyumbamo woyabwa zala ndi ndani. Ameneyo ndiye amalandira rimoti yabodza, mwaulemu, ndi manja awiri. Yeniyeniyo amapatsira kukhitchini munthu wodekha. Amadzitama kuti maukwati amene apulumutsa ndi njira imeneyi ndi ochuluka kuposa a ankhoswe onse pamodzi, ndipo ine ndinkangoseka mpaka pamene nkhaniyi inafika kwathu.

Amayi amakhala okha m'nyumba imene malemu bambo athu anamanga ndi manja awo. Chaka china chifuwa chinawagwira koopsa, nyamakazi n'kuwamanga maondo, moti kuchoka kuchipinda kufika pabalaza unali ulendo. Adokotala ananena mosapsatira: m'nyumba yozizira ija asakhalemonso nyengo yachisanu, apo ayi asamukire kwa mwana. Mwanayo ndinali ine, chifukwa ndine ndili ndi chipinda chapadera. Amayi anga ndimawakonda, Mulungu akudziwa. Koma munthu amene amazimitsa nyale iwe uli m'bafa, amene amazula pulagi ya wailesi nkhani zili m'kati, sindinkaona kuti tingathe mwezi tisanadane. Iwonso sankafuna n'komwe. "Mukandichotsa muno," anatero, "mudzandinyamule ndi khoma lomwe."

Alamu anati aika makina. Amayi anati aike, poti khoma silikana msomali, koma iwo sadzayatsa. Chinthu cholira tsiku lonse osapuma, kwa iwo chinali tchimo, ngakhale kuti magetsi timawalipirira ndife ana.

Tsiku loika ndinalipo. Chibokosi chapanja anachiika kuseri kwa nyumba, kumene amayi anali atasiya kalekale kufikako. Cham'nyumba anachipachika m'mwamba pakanjira kopita kuzipinda, pamwamba pa chitseko. Waya anaulumikiza ku bokosi la magetsi kuti pasakhale swichi ya pakhoma, kanyale kobiriwira anakazimitsa, ndipo makinawo anawatchera kuti aziuzira monong'ona. Makutu a amayi anali atayamba kale kulemera. Atatha zonsezo anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kupereka rimoti ndi manja awiri.

"Amayi, mphamvu zonse zili m'manja mwanu. Koma musagwire."

"Pozimitsira ndi pati?"

"Apa pofiirapa. Koma ndati musa..."

Tii! Amayi anadina, n'kuika rimotiyo m'thumba la juzi. "Zikomo bambo, mwagwira ntchito. Tiyi ali patebulopo."

Alamu ananditsinzinira diso. Yeniyeni inali kale m'chikwama cha achemwali.

Chisanu chinabwera, m'nyumba mwa amayi n'kumafunda ngati m'thumba. Chifuwa chinayamba kuphwa. Masokosi awiriawiri amene ankavala anawavula. M'mawa uliwonse ankadina pofiira paja kuti atsimikize kuti chinthucho n'chozimitsa, chikalira tii n'kuyamba tsiku lawo mosangalala. Ife tinkangoti zatheka. Chimene sitinaganize n'chakuti amayi adzafuna kudziwa kumene kufundako kukuchokera, ndipo yankho analipeza okha.

"Ndi makoma a bambo anu," anandiuza tsiku lina, akusisita khoma ndi chikhatho. "Munthu uja ankamanga. Zaka zonsezi ndinkangozizidwa chifukwa cha kudwala, nyumbayi ndi yofunda yokha. Gwira apa umve."

Ndinagwira, n'kuvomera. Akanangouza ine ndekha zikanakhala bwino. Koma amayi anauza aliyense wolowa pakhomo: amayi a kutchalitchi, wogulitsa mazira, wowerenga mita. Ankawatengera pakanjira paja n'kuloza m'mwamba ndi ndodo. "Mukuchiona icho? Anaika apongozi anga. Chiikireni sindinayatsepo. Koma mwamva mmene mukufundira muno?" Aneba ena amene anali atapangana kale ndi alamu kuti awaikire makina anatumiza uthenga kuti ayamba aganiza kaye, mwina angokonza makoma.

Munthu wina akanapirira mosavuta, koma osati alamu anga, amene akakhoma msomali umodzi amafuna msewu wonse udziwe. Lamulungu lina tikudya kwa amayi, iwo atavula jekete chifukwa cha kufunda kwa makina awo omwe, amayi anawafunsa mokoma mtima ngati sangachichotse chinthucho n'kukapatsa ena ovutika, amene nyumba zawo anamanga ndi amisiri a masiku ano. Alamu anasiya kudya. Anatsekula pakamwa, achemwali n'kuwaponda phazi pansi pa tebulo.

"Chikhale kaye, amayi," anatero alamu. "Chimakongoletsa khoma."

Pobwerera anaimitsa galimoto pambali pa msewu n'kutembenukira kwa ine. "Alamu, ine ndikanena. Dzina langa likuthera m'nyumba imene ija."

"Kaneneni," ndinatero. "Akakathyola chibokosicho ndi ndodo, chifuwa chikabwerera, ndiye muzikawatenga inuyo. Kwanu kuli sofa yaitali."

Analiza galimoto n'kupitiriza ulendo. Sananene, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu, chifukwa ndikudziwa mmene chinkawawawira.

Chimene chinaulula bodzali ndi maondo. Atakhala milungu ingapo m'nyumba yofunda, nyamakazi ija inawamasula amayi. Anayamba kufika pakhonde, kenako pa chingwe choyanikira zovala. Tsiku lina masana, kadzuwa katawala, makina atapumira kaye, anazungulira mpaka kuseri kwa nyumba n'kuchipeza chibokosi chapanja chili phee, masamba ouma atagwera pamwamba. Tsono amayi ndi munthu woti chinthu chimene sichikugwira ntchito amachivundikira. Makina osokera ali ndi nsalu yake, wailesi ili ndi kansalu koluka, ngakhale ketulo ili ndi chipewa. Anamva chisoni kuti katundu wa apongozi awo akuonongeka ndi fumbi. Anatenga bulangete lakale, n'kuchikulunga bwinobwino mbali zonse, n'kumanga ndi chingwe, pamwamba n'kusanjikapo mphika wa maluwa kuti mphepo isaulutse.

Makina aja amapuma ndi mphepo. Atasowa popumira anavutika pang'ono, kenako n'kudzizimitsa okha. Ndipo kunja kunazizira kuposa masiku onse a chaka chimenecho.

Amayi sanaimbire munthu. Anakhala choncho mpaka m'mawa wa tsiku lachiwiri, pamene achemwali anaimba foni n'kumva chifuwa chokhachokha. Tinathamangira konko tonse atatu. Titatsekula chitseko, chisanu chinatilandira ngati talowa m'firiji ija ya kusitolo. Amayi anali pampando wawo atavala chikhoti cha malemu bambo, manja ali m'khwapa, milomo itauma. Ndinachita mantha, sindibisa. Achemwali analowa kuchipinda n'kuyamba kuponya zovala m'sutikesi, akulira, akunena kuti zamasewera zatha, lero lomwe amayi apita kwa ine.

Alamu anayang'ana chibokosi cha pakhoma, n'kutuluka panja. Anabwera atanyamula bulangete kudzanja lina, mphika wa maluwa kudzanja lina, nkhope ili yoti sukudziwa ngati aseka kapena alira. Anaponya bulangete pansi, n'kutenga rimoti yeniyeni m'chikwama cha achemwali, n'kudina. Patapita kanthawi, kamphepo kofunda kanayamba kutsika pakanjira paja.

Amayi anaona zonsezo. Anatulutsa rimoti yawo m'thumba la chikhoti, n'kuiyang'ana, n'kuyang'ana inayo.

"Dzulo ndinazizidwa mpaka ndinachidina kuti chiyake," anatero. "Ndinadina mpaka chala kuwawa. Chimangoti tii, tii. Bambo, mwandipatsa chidole?"

"Eya, amayi."

"Ndiye chakhala chikuyaka masiku onsewa?"

"Usana ndi usiku, amayi."

"Ine n'kumaitana anthu kuti adzagwire khoma." Anayang'ana khomalo, ndipo maso awo anadzaza misozi. Sanalire chifukwa cha manyazi ayi. Ndinadziwa kuti nyengo yonseyi ankamva ngati mwamuna wawo akuwafunditsa, ndipo ife tinali titangowalanda zimenezo. "Ndiye bambo anu sanachitepo kanthu," anatero motsitsa.

Apa m'pamene alamu akanatha kubweza ngongole ya Lamulungu lija. Koma anaika mphika pansi n'kugwada.

"Amayi, ine ndaika makinawa m'nyumba zambiri. Zina mumati mukalowetsa kutentha, kumatulukira m'ming'alu ngati madzi m'dengu, makina n'kumalira tsiku lonse osapuma. Muno amapuma, n'chifukwa chake munawapeza ali phee. Makinawa amangobweretsa. Wosunga ndi khomali. Pamenepa sindikunama."

"Inu mumanama kuyambira pa firiji."

"Pa firiji ndinanama. Pa rimoti ndinanama. Pa khoma ayi."

Alamu anawapatsa rimoti yeniyeni, ulendo uno ndi dzanja limodzi. Amayi anafunsa pozimitsira, iwo n'kuloza, osawonjezera mawu aja amene amanena m'nyumba iliyonse. Achemwali anaima pakhomo la chipinda, sutikesi ili m'manja. Chala cha amayi chinakhala pamwamba pa batani lofiira nthawi yaitali, ife tonse tili chiimire, kamphepo kofunda kakutifika m'mapazi.

Kenako anaitambasulira kwa alamu. "Ikani pamwamba pa kabati, kumbuyo kwenikweni, kumene sindingafikire ngakhale ndi ndodo. Ndimadzidziwa ine."

Alamu anakwera pampando n'kuiika. Potsika anatambasula dzanja kuti atenge yabodza ija, amayi n'kuibweza msanga m'thumba la chikhoti.

"Iyi ndi yanga. Munthu ndisakhale ndi chozimitsa m'nyumba mwanga momwe?" Anatsokomola, n'kutembenukira kwa achemwali. "Iwe, bweza zovala zangazo mmene unazipeza. Sindikupita kulikonse."