Agogo aonetsa zikhadabo pa Ngabu

Mwaswera bwanji nonse. Ndiulule ndekha musanamve kwa ena: kwa milungu ingapo ndakhala ndikuwalumikiza agogo a Semu pa foni yanga ndi mnzawo wa kusukulu, a Alufandika. Anathawa madzi ku Nyachikadza, pano akukhala kwa mwana wawo pa Ngabu. Lero ndawapititsa agogo kumeneko. Ndikudziwa, azakhali, munati asamayende chifukwa cha BP.

Takwera minibasi, mwana kumbuyo, mankhwala m'chikwama, mtima uli m'mwamba njira yonse.

Titafika sanapatsane ngakhale moni. A Alufandika angodzuka ndi ndodo yawo n'kukuwa, "Iwe Semu, manja!" Kani ndiwo ankayendera ukhondo m'kalasi mwawo. Agogo athu omwewa, a zaka zoposa 80, atambasula manja ngati kamwana, zikhadabo zayenderedwa chimodzichimodzi. Kenako, "Mano!" Agogo akuti, "Yamba ndiwe, shamwali, tione ako." Onse ayasama, m'kamwa mulibe kanthu! Aseka mpaka misozi, inenso ndalira nawo.

Abale, chimwalirireni agogo aakazi, ndani anawamvapo akuseka? Adya mbatata ziwiri ndi tiyi popanda kuwanyengerera.

Koma tabwerako miyendo ya agogo itatupa, panopa agona. Ndawayeza BP, yakwera pang'ono, ndipo ndikuchita mantha. Asanagone andipempha lezala lowengera zikhadabo, akuti Loweruka kuli kuyenderanso ndipo safuna kukakwapulidwa.

Azakhali, yambani ndinu, kukalipa ndilandira. Ndalakwa kodi? Nanga lezalalo ndiwapatse, Loweruka tipitenso, kapena ndiwakanize?